Ogasiti uno ndikupita kukaona anangumi

Ena mwamva kale mphekesera, ndiye ndati ndinene ndekha nkhani isanapindike. Holide ya Ogasiti ikubwerayi ndikufuna kupita ku Hermanus, ku South Africa, kukaona anangumi. Eya, anangumi. Sindikukafuna ganyu ku Joni, sindikukaoda mabulangete, ndipo ndibwerako sukulu isanatsegulidwe. Ndikukangoima pathanthwe n'kumayang'ana m'madzi basi. Ndikudziwa kuti ena mwaseka kale. Sekani, mukatha mupitirize kuwerenga, chifukwa pali zina zomwe ndikufuna mundithandize.

Chaka chino ndi cha 19 ndikuphunzitsa Biology ndi Geography. Chaka ndi chaka ndimauza ana a Fomu 1 kuti nangumi si nsomba, ali ndi mapapo, amabereka mwana wamoyo ndipo amayamwitsa. Chaka ndi chaka ndimajambula mapu a kummwera kwa Africa pabolodi, muvi wa choko chofiira kutsika kum'mawa, wa choko chabuluu kukwera kumadzulo, n'kumati uwu ndi Agulhas, madzi ofunda, uwu ndi Benguela, madzi ozizira. Ana amalemba, amaloweza, amakhoza. Koma madzi amchere ine sindinawalawepo, ndipo pafupifupi kalasi iliyonse pamapezeka mwana mmodzi wolimba mtima amene amakweza mkono n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, inuyo munamuonapo?" Funso limeneli ndi labwino. Ndife tomwe timawaphunzitsa kuti sayansi imayamba ndi kuona. Ndatopa nako kuliyankha ndi nthabwala.

Chinenero chathu chomwe chimasonyeza kuti ndife anthu a kumtunda. Mawu akuti nyanja timatchulira Chilwa, timatchulira ya Malawi, timatchuliranso Indian Ocean, kungowonjezera kuti yamchere. Mwana wa ku Nkhotakota akamva za nyanja yaikulu amaganiza za yake yomwe ija, yongokulirapo pang'ono. Nangumi naye ambiri timamudziwira ku Sande sukulu, pa nkhani ya Yona, ndipo timangoti chinsomba. Dzina loti nangumi likufanana kwambiri ndi la Chiswahili loti nyangumi, ndipo ine ndimaganiza kuti linabwera ndi anthu amalonda ochokera kugombe, dzina kufika koma mwini wake kutsala. Chomwe chimadabwitsa ana kwambiri n'chakuti mwa nyama zonse zamoyo lero, m'bale wapafupi wa nangumi ndi mvuu. Mvuu zomwe zija za mu Shire ku Liwonde. Makolo awo anali amodzi zaka zoposa 50 miliyoni zapitazo, wina anatsala m'mitsinje, wina analowera m'nyanja osabwereranso. Ndiye ngati wina akufunsani kuti aphunzitsi akukatani, muziti akukaona abale ake a mvuu.

Ntchito yoyamba inali kusankha malo, ndipo apa ndinakhalapo miyezi iwiri. Kwa ife Amalawi nyanja yamchere yapafupi ili ku Mozambique, ndipo kumeneko anangumi aliko. Ku Tofo, pafupi ndi Inhambane, kuyambira Juni mpaka Okutobala kumadutsa anangumi a mtundu wa humpback, aja a zipsepse zazitali mpaka mamita 5, okonda kudumpha, amene aamuna ake amaimba pansi pa madzi. Njira yake ndi ya Tete, Chimoio, Inchope, kenako kutsetsereka ndi msewu wa EN1 kuwoloka mtsinje wa Save mpaka Maxixe, kukwera boti kupita ku Inhambane, n'kutsala makilomita 22 okha. Mtunda wonsewo sukufika theka la ulendo wa ku Hermanus. Kulinso chinsomba chenicheni chotchedwa whale shark, chomwe ngakhale dzina lake lili choncho ndi nsomba ndithu. A Fomu 1 akale mukumbukire: nsomba imagwedeza mchira cham'mbali, nangumi amaukweza ndi kuutsitsa.

Nanga bwanji osapita kufupi komweko? Chifukwa chachikulu n'chakuti anangumi a humpback amakhala ali paulendo, ndipo kuti uwaone bwino pafunika boti. Boti ndi ndalama, mitengo yake anaikira alendo a ku Ulaya, ndipo ukalipira umagula maola awiri kapena atatu. Tsikulo akapanda kutuluka, ndalama yapita. Munthu wa malipiro a mphunzitsi angakwere kamodzi, mwina kawiri akadzimana chakudya. Chipwitikizi sindichidziwa, ndipo kumeneko ndilibe wondilandira.

Ku Hermanus zinthu n'zosiyana. Anangumi a kumeneko, otchedwa southern right, sabwera modutsa. Amabwera kudzakhala, kudzabereka ndi kudzalera ana m'madzi odekha a Walker Bay, ndipo amayandikira gombe kwambiri moti nthawi zina amakhala kutsinde kwenikweni kwa matanthwe. Pamwamba pa matanthwewo pali kanjira ka oyenda pansi kotalika makilomita pafupifupi 12, ndipo kuyendamo salipiritsa. Apa ndi pamene mtima wanga unakhazikika. Ku Tofo kuona nangumi kumafuna ndalama, ku Hermanus kumafuna masiku. Ndalama ndilibe zambiri, koma kudikira ndimakutha. Munthu amene wayang'anira mayeso a maola atatu kwa zaka 19, wosaloledwa kuwerenga nyuzipepala kapena kukhala pansi nthawi yaitali, kuyang'ana madzi tsiku lonse sikungamuvute. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndinene pang'ono za nyamayi, kuti mumvetse chomwe chikundikokera. Wamkulu amatalika mamita 15 kapena kuposerapo pang'ono. Pitani pabwalo la netibo, muime m'mbali imodzi muyang'ane mbali inayo: m'lifupi mwa bwalolo ndi mamita 15.25, ndiye nangumi mmodzi ameneyo. Kulemera kwake kumafika matani 50, njovu zamphongo zisanu ndi zitatu. Pamsana alibe chipsepse, ndi wosalala ngati bwato lovundikira. Mphuno zake ziwiri zili pamwamba pa mutu, ndipo akapuma mpweya umatuluka ngati chilembo cha V, chomwe ndi chizindikiro chomuzindikirira uli patali. Pamutu ali ndi zigamba zoyera zokhakhala zodzaza tinsabwe ta m'nyanja, ndipo zigambazi zimasiyana nangumi aliyense ngati zidindo za zala zathu. Mano alibe. M'kamwa mwake mumalendewera timapale tambirimbiri tangati chipeso, topangidwa ndi zomwe zimapanga zikhadabo zathu, ndipo amasefera madzi kuti agwire tizilombo tating'ono kuposa usipa. Chinyama cha matani 50 kukhuta tinthu tochepa kuposa usipa! Ndimanena zimenezi m'kalasi chaka chilichonse, ndipo nane ndimadabwa chaka chilichonse.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi cha amayi awo. Chakudya chili kutali kummwera, m'madzi ozizira oyandikira Antarctica, komwe amadya miyezi ya dzinja lathu. Akanenepa amasambira makilomita masauzande kubwera kugombe la South Africa kudzabereka, atakhala ndi bere pafupifupi chaka chathunthu. Mwana amabadwa ali kale ndi mamita 4 kapena 6. Miyezi yonse yomwe mayi ali kugombeko sadya chilichonse chooneka, amangoyamwitsa kuchokera m'mafuta a thupi lake, mwana n'kumakula masentimita pafupifupi atatu patsiku, mayi n'kumaphwa. Akamanyamuka kubwerera kummwera amakhala atatha ndithu. N'chifukwa chake sabereka chaka chilichonse. Mwachibadwa amabereka kamodzi pa zaka zitatu, chaka cha bere, chaka choyamwitsa, chaka chopuma. A Biology mukuona kuti iyi ndi nkhani ya kulera yomwe timaphunzitsa ija.

Dzina lawo lili ndi mbiri yomvetsa chisoni. Alenje a m'nyanja ankati ameneyu ndiye nangumi woyenera kupha, chifukwa amasambira pang'onopang'ono, amakhala pafupi ndi gombe, ndipo akafa amayandama m'malo momira. Mafuta ake ankayatsira nyale ndi kupangira sopo, timapale ta m'kamwa tija ankapangira maambulera, zikwapu ndi zomangira m'chiuno za azimayi a ku Ulaya. Anawapha mpaka kutsala mazana ochepa okha pofika m'ma 1920. Lamulo la mayiko lowateteza linayamba kugwira ntchito mu 1935, komabe zombo za Soviet Union zinapha mobisa oposa 3,000 pakati pa 1951 ndi 1971, zomwe zinadzaululika pambuyo pake. Ku Durban fakitale yomaliza yophera anangumi inatsekedwa mu 1975, ndipo bungwe la International Whaling Commission linaimitsa kupha anangumi kwa malonda kuyambira 1986. Panjira yopita ku Hermanus, ku Betty's Bay, pali malo otchedwa Stony Point pomwe panali fakitale yotereyi mpaka cha m'ma 1930. Lero pamalopo pamakhala mbalame za penguin. Ndikufuna ndikaime pamenepo. Khalidwe lomwe linawaphetsa, lokonda gombe ndi kusathamanga, ndi lomwelo lomwe likupangitsa kuti munthu wopanda ndalama ya boti ngati ine athe kuwaona.

Tsopano za nthawi. Anangumiwa amayamba kufika mu Juni ndipo amachoka cha mu Novembala kapena Disembala. Amachuluka kwambiri kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Tauniyo imachita chikondwerero cha anangumi kumapeto kwa Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala, koma nthawi imeneyo ife timakhala tili m'kati mwa temu yoyamba, a Fomu 1 atsopano asanadziwe n'komwe komwe kuli labu. Holide ya Khrisimasi anangumi amakhala atapita. Ya Pasaka amakhala asanabwere. Kalendala ya sukulu ndi ya nangumi zimakumana malo amodzi okha, Ogasiti. Mwamwayi mwezi umenewu ndi womwe ambiri amabereka, ndipo alendo amakhala asanachuluke, malo ogona asanakwere mtengo.

Koma Ogasiti ali ndi mtengo wake, ndipo aphunzitsi anzanga mukuudziwa. Ndi nyengo yochonga mayeso, ndipo kandalama ka kochonga ndi komwe ambiri a ife timatsegulira temu. Chaka chino dzina langa sindinapereke. Chachiwiri, ku Cape imeneyo ndi nyengo yozizira ndiponso yamvula. Inu a Fomu 3 akale, ija tinkati nyengo ya Mediterranean, mvula m'miyezi yozizira, chilimwe chouma, ndiye imeneyo. Ndinkaijambula pa girafu, tsopano ikandinyowetsa. Mphepo ikakhala yamphamvu nyanja imachita thovu paliponse ndipo mpweya wa nangumi suoneka. Ichi n'chifukwa chake sindikufuna kukakhala tsiku limodzi kapena awiri. Ndaika masiku asanu athunthu ku Hermanus. Mwa asanuwo, awiri atawonongeka ndi mvula, atatu atsala.

Wina pa sitafu anandifunsa kuti, nanga mukakapeza kulibe? Funso lake ndi loona, ndipo sindikulichepetsa. Ofufuza, omwe ntchito yawo tsopano ili m'manja mwa Whale Unit ya University of Pretoria, akhala akuwerenga anangumiwa ali m'ndege chaka chilichonse kuyambira 1969, ndipo kuyambira 1979 amajambula zigamba za pamutu zija kuti adziwe mayi aliyense payekha. Chiwerengero chinkakwera bwinobwino kwa zaka zambiri, koma posachedwapa chayamba kudumphadumpha. Mu 2016 anapeza amayi okhala ndi ana osafika 60 pagombe lonse. Mu 2018 anapeza oposa 500. Apezanso kuti amayi ambiri tsopano akutenga zaka zinayi kapena zisanu asanaberekenso, ndipo ndi owonda kusiyana ndi a m'ma 1980. Ofufuzawo akuloza ku kusintha kwa nyengo kummwera kuja, komwe madzi oundana akusintha ndipo chakudya chikusowa. Mayi akapanda kukhuta satenga bere, ndipo akapanda bere alibe chodzera ku gombe. Ndiye zomwe ndikaone mu Ogasiti zinakonzedwa kale ndi zomwe anangumiwo anadya zaka ziwiri zapitazo, kumalo komwe palibe mmodzi wa ife adzafikeko. Ife a ku Malawi, amene tinaona Cyclone Freddy mu Malichi 2023 ndi chilala cha 2024, nkhani ya nyengo kusokoneza chakudya sitichita kuuzidwa. Ngakhale zaka zoipazo anangumi ena ankabwerabe ku Walker Bay, ndipo ine ndikufuna mmodzi yekha.

Njira ndi yomwe ambiri a inu mukuidziwa kuposa ine. Basi kuchokera pa Wenela mu Blantyre, chipata cha Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, Masvingo, Beitbridge, mpaka Park Station ku Johannesburg. Ndi makilomita oposa 1,700, ndipo nthawi yake amalamula ndi mzere wa pa Beitbridge. Kuchoka apo basi ina makilomita 1,400 mpaka Cape Town, kenako makilomita 120 kukafika ku Hermanus. Ndege ndinaiwerengera kamodzi n'kutseka kope. Komanso mphunzitsi wa Geography kudutsa pamwamba pa mitambo n'kutaya phunziro. Pansi ndikawoloka Zambezi, Limpopo, Vaal ndi Orange, ndikadutsa mzere wa Tropic of Capricorn kumpoto kwa Polokwane, ndikaona chipululu cha Karoo, ndikalowa m'phanga la msewu la Huguenot lotalika pafupifupi makilomita 4. Ndikupempha mpando wa pawindo. Pasipoti yathu imalola masiku 30 ku South Africa popanda viza, ndipo ulendo wanga wonse ndi masiku 15: asanu ndi atatu a pamsewu kupita ndi kubwera, kuphatikizapo kupuma, awiri ku Cape Town, asanu ku Hermanus.

Dzina la Wenela lija limandikumbutsa agogo anga aamuna. Linachokera ku bungwe lomwe linkalemba anthu okagwira ntchito ku migodi ya golide, ndipo iwo anapita kawiri m'ma 1960, ulendo umenewu usanaimitsidwe ndi Kamuzu ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Zaka zinayi m'dziko lozunguliridwa ndi nyanja ziwiri, koma nyanja sanaione, anangoona pansi pa nthaka. Kuyambira nthawi yawo mpaka lero, Mmalawi akakwera basi ya kummwera ndiye kuti akukagwira ntchito. N'chifukwa chake anthu akuvutika kundikhulupirira. Ndikudziwa kuti ngakhale pa boda, ndikakanena kuti ndikukaona anangumi, wodinda akandiyang'ana kawiri. Ndatenga kalata ya ahedi yosonyeza kuti ndili pantchito ndipo ndikubwerera, komanso tikiti ndidula yopita ndi yobwerera.

Za chitetezo sindikuzinyalanyaza. Tonse tikukumbukira Meyi 2008 pamene anthu oposa 60 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndi Epulo 2015 pamene boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu athu ku Durban. Njira ya Tete nayo inavuta pa zipolowe zomwe zinatsatira chisankho cha ku Mozambique cha Okutobala 2024. Ndizimvetsera nkhani mpaka sabata yonyamukira, ndipo zikaipa ulendo ndiusiya. Ku Johannesburg sindikutuluka mu siteshoni kupatula ndi wodzanditenga. Ku Cape Town mmodzi wa ana anga a zaka zoyambirira, yemwe tsopano ndi bambo wa ana awiri ndipo amaphika pa hotela ina, wanena kuti ndikagone kwake. Anali wosokosa kumbuyo kwa kalasi, ndipo ndi iye anayamba kunditumizira kavidiyo ka nangumi pa WhatsApp n'kulemba kuti, "Aphunzitsi, zija munkanena zija ndi zoona." Aphunzitsi anzanga, osokosa aja muziwasunga bwino.

Ndalama ndiye panali msonkhano waukulu ndi mayi akunyumba. Iwo sawerengera mu kwacha kapena mu rand, amawerengera mu matumba a feteleza. Nditawaonetsa kope anangofunsa kuti, "Ndiye matumba angati amenewa?" Nditawauza anakhala chete nthawi yaitali. Tinagwirizana motere: ndalama ya feteleza ndi ya fizi ya ana ya Seputembala ikhale kaye pambali, m'manja mwawo, ndipo isakhudzidwe. Ulendo udye chiperegani cha pa sitafu chomwe chikundigwera mu Julayi, ndalama ya soya, ndi nkhumba ziwiri. Ku SACCO sindikukatenga ngongole. Malata a khitchini adikira chaka china, ndipo mvula ikadzayamba kudontha mu Disembala ndikudziwa amene adzakumbutsidwe za anangumi. Walira mvula walira matope. Ndakhala ndikusunga zaka zitatu, ndipo kusunga kwacha kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tsiku limenelo zomwe ndinasunga zinatsika ndili m'kalasi. Ichinso chinandithandiza kuganiza kuti ndisadikirenso. Ma rand ndikapempha ku banki ndi tikiti m'manja. Ena mwandilembera za njira zachidule. Zikomo, koma wantchito wa boma sangayankhe zimenezo poyera.

Kodi n'koyenera kuti bambo wa ana atatu awononge ndalama yotere pa kuyang'ana nyama? Ndadzifunsa usiku wambiri. Yankho langa ndi lakuti timawononga zoposa pamenepa pa zinthu zomwe palibe amatifunsa: suti za ukwati, ma sofa, mowa wa Lachisanu kwa amene amamwa. Ndipo sindikunama kuti ndikupitira ana a sukulu okha. Ndikupitira ine. Ndakhala ndikufuna kuona chinthu chimenechi kuyambira ndili ku Domasi, pamene ndinaona chithunzi chake m'buku la mu laibulale. Ndili ndi zaka za m'ma 40, maondo akadali bwino, maso akuonabe patali. Zaka khumi zikubwerazi sindikudziwa ngati ndidzathe kukhala pa basi masiku atatu.

Tauni ya Hermanus ili ndi kanthu kena komwe kangakusangalatseni aphunzitsi anzanga. Dzinali ndi la mphunzitsi. Hermanus Pieters ankaphunzitsa ana a alimi achibunu m'zaka zoyambirira za m'ma 1800, ndipo amati malipiro ake ena ankalandira nkhosa, zomwe ankakadyetsa pa kasupe wina pafupi ndi nyanja. Malowo anatchedwa Hermanuspietersfontein, mpaka mu 1902 pamene a positi anatopa nalo n'kulidula. Mphunzitsi wolipidwa nkhosa! Bola ife. Kulinso siteshoni ya sitima yomwe sitima sinafikepo, chifukwa mkulu wa njanji za dzikolo, William Hoy, ankakonda kupuma kumeneko ndipo sanafune phokoso. Njanji inangodutsa ku Bot River. Choncho kuchokera ku Cape Town ndi minibasi kapena galimoto. Mwana wanga uja akuti tsiku lake lopuma adzandiperekeza pa galimoto ya mnzake kudzera msewu wa m'mbali mwa nyanja wa R44, womwe umadutsa ku Betty's Bay komwe ndanena kuja, ine ndithire mafuta.

Ndipo kuyambira 1992 tauniyi ili ndi munthu wolembedwa ntchito yolengeza anangumi. Woyamba anali Pieter Claasen. Amayenda m'mbali mwa gombe ndi lipenga lopangidwa ndi phesi louma la chomera cha m'nyanja chotchedwa kelp, ndipo akaona nangumi amaliza, kalizidwe kake n'kumasonyeza malo. Ine zikundikumbutsa zipanda zoimbira malipenga ku Nkhata Bay. Ndikufuna ndikacheze naye, ndikamufunse kuti maso ake amayang'ana chiyani choyamba, chifukwa munthu wozolowera madzi a nyanja yathu akhoza kuona thanthwe n'kumati nangumi, kapena kuona nangumi n'kumati thanthwe.

Dongosolo la masiku asanuwo ndi losavuta. M'mawa, mphepo isanadzuke, ndizikhala pa Gearing's Point pamwamba pa doko lakale. Kenako ndiziyenda kanjira kaja pang'onopang'ono cha ku Grotto Beach, ndi buledi, chiponde cha kwathu ndi fulasiki ya tiyi m'chikwama. Ndatenga kope latsopano loti ndizilembamo nthawi, malo, mphepo, ndi zomwe nyamayo ikuchita: kudumpha n'kudzimenyetsa pamadzi, kumenya madzi ndi mchira, kutulutsa mutu mowongoka ngati ikusuzumira, kapena kuimika mchira m'mwamba nthawi yaitali ngati thanga la bwato, komwe ndi khalidwe lodziwika la mtundu umenewu. Za boti ndaganiza zosakwera. Lamulo la kumeneko limaletsa kuyandikira nangumi kuposa mamita 300 popanda chilolezo, ndipo maboti a chilolezo amafika mamita 50. Ndi pafupi ndithu, koma mtengo wake ndi wa masiku angapo a malo ogona, ndiponso ndinakwerapo boti pa nyanja yathu nthawi ya mwera ndipo mimba yanga ikukumbukirabe. Ndalama imeneyo, ikapezeka, ndi bwino indifikitse ku Cape Agulhas, ulendo wa maola awiri kuchokera ku Hermanus, nsonga yeniyeni ya kummwera kwa Africa komwe mapu amagawira Indian Ocean ndi Atlantic. Ambiri amaganiza kuti nsongayo ndi Cape of Good Hope, ndipo ndadula mamalikisi ambiri pa funso limeneli.

Ku Cape Town tsiku limodzi ndi la Iziko South African Museum, komwe anapachika mafupa a anangumi, kuphatikizapo a blue whale otalika mamita 20. Mtundu umenewu ndiye nyama yaikulu kuposa zonse zomwe zinakhalapo padziko, ndipo wamkulu amafika mamita 30. Ndikufuna ndikaone mafupa a chipsepse, chifukwa m'kati mwake muli mkono ndi zala monga zathu, zomwe timajambula pophunzitsa za kusinthika kwa zamoyo. Ndikajambula zithunzi zambiri za zimenezi, ndipo aliyense wa Biology amene akuzifuna adzabwere ndi fulashi.

Zotsala ndi izi. Inu a ku Cape Town, ndithandizeni kupeza malo ogona otchipa ku Hermanus, a chipinda chogona ambiri, okhala ndi pophikira, chifukwa ufa ndinyamula. Amene ali ndi jekete yosalowa madzi ya munthu wamtali andibwereke, ndidzabweza yochapa. Za katundu wotumiza kwa abale anu, chonde chikwama changa n'chimodzi ndipo ndalonjeza kale nyemba ndi usipa kwa wondilandira. Mayi akunyumba aitanitsa mapoto, choncho pobwera malo mulibenso. Pomaliza, magalasi oonera patali a Wildlife Club anabwerekedwa mu 2019 ndipo sanabwerere. Amene anawatenga akudzidziwa. Dzina sinditchula, angowasiya kwa alonda a pageti Julayi asanathe.